Funsani Sajeni: Keyala, mizere iwiri, ndi bambo wa pa boma wofuna ndalama

Makalata anayi a mwezi uno onse achokera kuno kwathu ku Mulanje ndi ku Thyolo.

Funso: A Sajeni, m'banja mwathu muli mkangano wosatha. Agogo awo a bambo anga akuti anapita ku Keyala, ndipo anabwerako ndi jasi lalitali komanso chifuwa chomwe sichinathe mpaka imfa yawo. Azakhali amati anali msilikali weniweni, koma abambo aang'ono amati ankangosenza katundu wa azungu. Keyala inali chiyani kwenikweni, nanga zoona tingazidziwe bwanji? Mphunzitsi, Chisitu.

Aphunzitsi, Keyala ndi King's African Rifles, gulu la asilikali akuda limene Angelezi anakhazikitsa pa 1 Januwale 1902 pophatikiza magulu a kuno, a ku Kenya, a ku Uganda ndi a ku Somaliland. Batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali zathu, likulu lake ku Zomba. Koma inu a ku Chisitu dziwani kuti nkhaniyi inayambira pakhomo panu pomwepo. Harry Johnston atafika mu 1891 ndi asilikali ochokera ku India, mfumu yoyamba imene anaithira nkhondo inali Chikumbu wa konkuno. Mu 1893 anamanga linga la Fort Lister pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi Michesi, pomwe pankadutsa njira ya akapolo yolowera ku Quelimane, ndipo mabwinja ake alipobe. Boma la Mulanje nalo kale linkatchedwa Fort Anderson. Pofika 1895 Matipwiri anali atagonja, ndipo chaka chotsatiracho timagulu ta asilikali a kuno anatimanga pamodzi kukhala Central Africa Rifles. Mabuku amene mumaphunzitsira amati asilikali amenewa anathetsa malonda a akapolo, ndipo n'zoona. Chimene amachidumpha n'chakuti mfuti zomwezo ndi zimene zinkaperekeza wokhometsa msonkho wa nyumba.

Tsono za agogo anuwo. Funsani azakhali kuti malemuwo ankatchula maiko ati akakhala pamoto. Ngati ankanena za Jeremani, za Tanganyika, za mfuti ya chiwaya, ndiye kuti inali nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Kuno inayambira panyanja, mu Ogasiti 1914, pamene sitima ya Guendolen inakawononga sitima ya Ajeremani, kenako pa 9 Sepitembala kunachitika nkhondo ya pa Karonga. Dziko lino linapereka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000. Ndiye kuti pa msilikali mmodzi aliyense panali anthu khumi osenza. Chifukwa chake n'chosavuta: misewu kunalibe, ng'ombe ndi mahatchi zinkafa ndi kashembe, choncho ufa, zipolopolo, mahema, ngakhale zidutswa za mizinga, zonse zinkayenda pamutu pa munthu, mtolo woposa makilogalamu 20, mapazi osavala. Ambiri sanapite mwakufuna kwawo. Mfumu inkauzidwa chiwerengero cha amuna oti ipereke, ndipo wolephera msonkho ndiye ankayamba kugwidwa, nthawi zina usiku ali m'tulo. Chimene chinkawatha si chipolopolo ayi, koma kamwazi, chibayo, malungo ndi njala, kenako chimfine choopsa cha 1918. Chifuwa chimene mukunenachi chikundikumbutsa zimenezo.

Nkhondoyo siinathere kutali monga ambiri amaganizira. Mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anawolokera ku Mozambique mu Novembala 1917, ndipo kumapeto kwa Ogasiti 1918 anakumana ndi anyamata athu a Keyala pa Lioma, kudera la Gurue, kuseri kwa malire athu omwewa a ku Muloza. Anadzagonjera ku Mbala, m'dziko la Zambia, pa 25 Novembala 1918. Ndipo musaiwale kuti John Chilembwe anali atalembera kale nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, kudandaula kuti amphawi akufera nkhondo yosawakhudza n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Ataukira mu Januwale 1915, ena mwa amene anatumidwa kukazimitsa kuukirako anali a Keyala omwewo. Mbiri ya yunifolomu imene ndinavala ili ndi mbali imeneyonso, sindiibisa.

Koma ngati agogowo ankanena za sitima ya pamadzi, za Abisiniya, Madagascar, Ceylon kapena Burma, imeneyo ndi nkhondo ya 1939 mpaka 1945. Nthawi imeneyo malole anali atachuluka, moti wopita ku Keyala ankakhala ndi nambala ndi yunifolomu, kaya wa mfuti, kaya dalaivala, kaya wa zachipatala. Anyamata athu anamenyana ndi Ataliyana pa Moyale ndi pa Tug Argan mu 1940, anafika ku Gondar mu 1941, ndipo mu 1944 anali m'matope a chigwa cha Kabaw ku Burma, kulimbana ndi Ajapani.

Fufuzani m'masutikesi akale. Mukapeza mendulo, muyang'ane m'mphepete mwake: za nkhondo yoyamba ankazidinda nambala, udindo ndi dzina la mwini wake, pamene za nkhondo yachiwiri zambiri zinkaperekedwa zopanda dzina. Mukakhala ndi nambala, pitani ku National Archives ku Zomba, ndipo mukadutsenso pa chipilala cha Keyala pafupi ndi Cobbe Barracks pomwe pali maina a asilikali amene anafa. Abambo aang'ono mukawauze kuti mawu oti "ankangosenza" awachotse. Msilikali wopanda ufa ndi zipolopolo satha sabata ali m'tchire.

Funso: Chibwenzi changa chimagwira ntchito ya usilikali ndipo chimandiuza kuti ndi ofesala. Pa chithunzi chimene chinanditumizira pa WhatsApp ndikuona mizere iwiri. Ankhoswe akufuna kudziwa udindo wake weniweni. Mtsikana wa ku Luchenza.

Achemwali, mizere iwiri ndi kopolo. Si ofesala, koma musamunyoze, ukopolo sautola pansi. Makwerero ku usilikali alipo awiri. Oyamba ndi amene ndinakwera ine: umayamba wopanda kanthu, Private, kenako mzere umodzi Lance Corporal, iwiri kopolo, itatu sajeni, pamwamba pake Staff Sergeant, n'kumalizira ku Warrant Officer, amene ambiri mumawadziwa kuti sajeni meja. Makwerero achiwiri ndi a maofesala, amene udindo wawo umachokera kwa Pulezidenti monga mkulu wa asilikali onse. Iwo amavala nyota: Second Lieutenant, Lieutenant, kaputeni, Major, Lieutenant Colonel, Colonel, mpaka kwa akuluakulu otchedwa General. Mmalawi woyamba kutsogolera gulu lonse anali Graciano Matewere mu 1972, patatha zaka zisanu ndi zitatu chilandirireni ufulu. M'mbuyo monsemo mpando umenewo unali wa mzungu.

Kopolo wanuyo amayang'anira kagulu ka anthu asanu ndi atatu kapena khumi. Timagulu titatu totero timapanga pulatuni ya anthu ngati 30, yomwe mutu wake ndi ofesala wa nyota imodzi kapena ziwiri, nthawi zambiri mnyamata wongochoka kumene ku maphunziro, pambali pake pali sajeni woti akhoza kukhala mkulu wake wom'bereka kumsana. Inu a ku Luchenza mukudziwa za manijala ndi kapitawo pa esiteti: wina amasaina mapepala, wina ndi amene amadziwa kuti wadwala ndani, waledzera ndani, ndipo mzere uti sunathyoledwe bwino. Mapulatuni atatu ndi kampani, makampani angapo ndi batalioni ya anthu mazanamazana. Mabatalioni akale ndi atatu: Cobbe ku Zomba, yomwe pa 6 Julaye 1964 inasiya dzina la Keyala n'kukhala Malawi Rifles, Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ndi Moyale ku Mzuzu, yomwe dzina lake likukumbutsa nkhondo ya 1940 ija. A panyanja ali ku Monkey Bay, odumpha m'ndege ku Senga Bay.

Ankhoswe akafuna kutsimikiza, angom'funsa kuti kodi anzake amam'menyera sawasha. Ofesala yekha ndiye amalandira sawasha. Za chifukwa chimene mnyamatayo akudzikwezera udindo, zimenezo mukambirane awirinu.

Funso: Ndili ndi zaka 21, ndinakhoza MSCE, koma ndikuthyola tiyi pa esiteti ina. Ndikufuna kulowa usilikali. Bambo wina pa boma la Thyolo akuti amadziwana ndi akuluakulu ndipo ndikam'patsa K300,000 dzina langa lituluka. Mayi akufuna kugulitsa mbuzi. Nditani? Mnyamata wa ku Bvumbwe.

Mphwanga, mbuzi zikhale m'khola. Ntchito ya usilikali sagula, ndipo bambo ameneyo ndi wakuba. Machitidwe awo ndi amodzi: amatolera ndalama kwa anyamata makumi angapo, mmodzi kapena awiri akalembedwa mwa mphamvu zawo iye amati ndi ntchito yake, otsalawo amawauza kuti adikire ulendo wina, kenako foni siipezekanso. Ukakanena kupolisi udzapulumutsa anzako.

Malawi Defence Force ikafuna anthu imalengeza poyera, m'nyuzipepala ndi pa wailesi, ndipo masiku a boma lililonse amatchulidwa. Kuno kulibe lamulo lokakamiza munthu kulowa usilikali, umapita wekha. Kawirikawiri amafuna Mmalawi wa zaka 18 mpaka 24, wa MSCE, wathanzi, wopanda mlandu, ndipo akazi nawo akhala akulembedwa kwa zaka zoposa 20 tsopano. Zina, monga msinkhu ndi makalata oyenera kubweretsa, uwerenge m'chilengezo cha chaka chimenecho, osamvera za m'maminibasi. Chimene ungachite lero ndi ichi: ika chitupa chako cha unzika pambali pa satifiketi, uone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana chilembo ndi chilembo. Ndaona anyamata othamanga ngati mphepo akubwezedwa chifukwa pepala lina lalemba dzina la bambo, lina la malume. Ukakonza zimenezo, yamba kuthamanga m'mawa usanapite kumunda. Mitunda muli nayo yokwanira kwanuko, ndipo munthu wosenza dengu la tiyi tsiku lonse msana ali nawo kale. Fodya ndi kachasu uzisiye, adokotala kumeneko sanyengeka.

Ukalembedwa upita ku MAFCO, sukulu ya asilikali ya ku Salima, kwa miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi. Iwe wozolowera chiperoni, kutentha kwa kunyanja kudzakulandira kusanache. Tsiku loyamba tsitsi lonse pansi. Udzadzuka kuli mdima, kuyala bedi mpaka bulangete lichite kuti gwa, kupukuta jombo mpaka kopolo adzionere nkhope, iye n'kuiponda dala, iwe n'kuyambiranso. Sabata zoyamba matuza a kuchidendene amaphulika m'sokosi, ndipo madzulo umachita kunyowetsa sokosiyo kuti imatuke. Mfuti udzaimasula ndi kuimanga mpaka manja azichita okha uli chitsinzinire. Mmodzi akalakwa, chilango ndi cha nonse, ndipo poyamba udzaona ngati nkhanza chabe, mpaka udzazindikire kuti akukuphunzitsani kuyang'anirana.

Ndikuuzenso zimene bambo wa pa bomayo sangakuuze. Pa esiteti ukatopa umangosiya dengu n'kumapita. Ku usilikali kuchoka osatsanzika ndi mlandu, ndipo kokhala sasankha: mwana wa ku Bvumbwe akhoza kukakalambira ku Chilumba. Ine ndinali m'gulu lolondera njanji ya ku Nacala kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi ya nkhondo ya Renamo, kuchokera pa Nayuchi kulowa mkati cha ku Cuamba. Ntchito yambiri inali kukhala kuseri kwa matumba a mchenga, kuyang'ana udzu, kudikira, ndipo tsiku limene kwalira mfuti silinkalengezedwa. Si onse tinabwerera. Lero anyamata amalakalaka ulendo wa ku Congo chifukwa cha ndalama zake, pakuti kuyambira 2013 Malawi wakhala akutumiza asilikali kumeneko pansi pa United Nations. Ndalamazo zilipodi, ena amanga nazo nyumba zamalata. Koma ndi komweko, kufupi ndi Beni, kumene Private Chancy Chitete anaphedwa mu Novembala 2018 akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala. Mendulo yapamwamba ya United Nations imene anapatsidwa mu 2019 analandira ndi akubanja kwake. Mayi ako uwafotokozere zonsezi, kenako ngati mtima ukadali pomwepo, pita ukayese, chifukwa zaka zikadakulola.

Funso: Alamu anga ndi msilikali. Tikukangana malire a munda, ndipo akuti akadzabwera pa tchuthi adzandimanga ndi kundionetsa zakuda. Kodi ali ndi mphamvu zimenezo? Mlimi, Thekerani.

Alibe, bambo. Nkhani ya munda ndi ya amfumu, ikakanika ndi ya khoti. Msilikali ali pa tchuthi ndi munthu wamba ngati inu, ndipo akakumenyani apolisi am'manga ngati wina aliyense, kenako akakumanenso ndi chilango kuntchito kwake. Malamulo a dziko lino anaika asilikali kuti ateteze malire ndi malamulowo, komanso kuthandiza pa ngozi, monga munawaonera ku Mulanje ndi ku Phalombe nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023. Ulemu umene anthu amatipatsa unachokera pa zinthu ngati Operation Bwezani ya mu Disembala 1993, pamene asilikali analanda zida a Payoniya amene ankazunza anthu, ndi mu Epulo 2012 pamene Bingu wa Mutharika atamwalira, General Henry Odillo ndi anzake anaima pa malamulo mpaka Joyce Banda analumbiritsidwa. Msilikali woopseza mlamu wake chifukwa cha mizere iwiri ya chinangwa akutichititsa manyazi tonse.

Mauthenga amene akukutumiziraniwo musafufute. Kawaonetseni kwa amfumu ndi kupolisi ya kwanuko, ndipo akapitiriza, lembani kalata kwa mkulu wa batalioni yake, mutchule dzina lake lonse, udindo wake ndi kumene amagwirira ntchito. Kalata yotero imafika pa tebulo la sajeni meja, ndipo alamu anuwo akudziwa bwino tanthauzo la kuitanidwa mu ofesi imeneyo.