Chuku pakhoma, alandilodi akuti "muzitsegula mawindo"

Mayi wina wa ku Chirimba wandilembera kuti khoma la kuchipinda lada ndi chuku, mwana akutsokomola usiku, koma alandilodi akungoti azitsegula mawindo. Atani?

Mayi, yankho la mawindoli limandipsetsa mtima. Ndinakhalapo nyumba ya lendi ku Ndirande, m'munsi mwa phiri. Ndinakaiona mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, makoma ali mbee ndi laimu watsopano. Pofika Januwale nsapato pansi pa bedi zinali zitamera ubweya wobiriwira, suti ya kutchalitchi ikununkha chinyezi, pulasitala akuyoyoka kuyambira pansi kulekeza m'mawondo. Mmisiri wina anangoyang'ana n'kunena kuti pomanga sanayale pulasitiki wakuda uja pamaziko, ndiye njerwa zimayamwa madzi a m'nthaka. Windo lingathandize chiyani pamenepo?

Ndinene mosabisa: kupaka laimu khoma lonyowa n'kulowetsamo munthu ndi kuba. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, madzi amatsetsereka kufuna polowera, ndipo amene anaona za namondwe Freddy ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa. Koma munthu amamanga nyumba pamtsetse, ngalande osakumba, lendi n'kumakweza chaka ndi chaka. Mvula ikatha mukuti mupume, mu Juni ndi Julayi kwabwera chiperoni, zovala sizikuuma, tonse tikuyanika pabalaza. Apo pokha ndiye alandilodi akunena zoona, chinyezi chimenecho timachiweta tokha. Chonde musagone ndi mbaula kuti muumitse chipinda, mpweya wa makala umapha.

Tsono muchite izi

Onani kochokera madzi. Akayambira pansi ndi maziko kapena ngalande, akachokera kumwamba ndi malata, ngati panyowa malo amodzi ngakhale m'chilimwe mwina ndi paipi. Zonsezi n'za eni nyumba. Jambulani, muwatumizire pa WhatsApp kuti pakhale umboni, ndipo mukakonza nokha mugwirizane kaye kuti ndalamayo ichotsedwe pa lendi. Chukucho pukutani ndi Jik wosungunula m'madzi, mawindo ali otsegula, osamusakaniza ndi mankhwala ena. Bedi ndi wadiropu zitalikirane ndi khoma. Mwanayo asagonenso m'chipindamo, ndipo mupite naye kuchipatala, chuku chimadzutsa mphumu. Alandilodi akakana kukonza, nyumba ina mukaifune mu Febuluwale, mvula ili pakati.