Funsani za Makompyuta: Adiresi ikatembenuka, vuto limakhala pati?

FUNSO: Ndimayang'anira malo a intaneti kuno ku Luchenza, ndipo ndalemba kapulogalamu ka C kolemba m'kaundula kompyuta iliyonse imene yalowa pa netiweki yathu. Koma kompyuta ya 192.168.10.25 ikumatuluka ngati 25.10.168.192, manambala akuyambira kumapeto. Kodi rauta ndiyo yafa? Wowerenga wa ku Luchenza.

YANKHO: Rauta isiyeni achimwene, ilibe mlandu. Zamadonthozi zinapangidwira maso a anthu. Kompyuta siiona madontho, imasunga mabiti 32 ogawidwa m'mabayiti anayi. Adiresi yanuyo mkati imakhala chonchi: 11000000 10101000 00001010 00011001, kapena mu hex, yowerengera m'magulu a 16, C0 A8 0A 19.

Pa netiweki lamulo ndi lakuti bayiti yaikulu ndiyo imatsogola, ndiye C0, amene ndi 192, amapita poyamba. Koma purosesa za Intel ndi AMD, ngakhalenso ARM za m'mafoni ambiri, zikamawerenga nambala ya mabayiti anayi zimatenga bayiti yoyamba kukhala yaing'ono. Inu mwatenga s_addr, malo amene C imasungamo adiresiyo ngati nambala imodzi, mmene yabwereramo n'kuisuntha mabiti 24 kumanja poganiza kuti mupeza 192. Purosesa yawerenga 0x190AA8C0, ndiye mwapeza 25.

Musanawerengere chilichonse pa s_addr, idutsitseni mu ntohl, imene imasanja mabayiti mmene purosesa yanu imawerengera, ndipo poibwezera mu struct idutse mu htonl, imene imawabwezera mu dongosolo la netiweki. Ngati cholinga n'kungoilemba m'kaundula, masamu onsewo ngosafunika. Ipatseni inet_ntop pamodzi ndi AF_INET ndi malo a zilembo 16, amene ndi INET_ADDRSTRLEN: zilembo 15 za adiresi yaitali kwambiri ndi chimodzi chotsekera. Pa IPv6, mtundu watsopano wa maadiresi aatali, malowo akhale 46. Ulendo wobwerera, kuchoka pa zolemba kupita ku mabayiti, ndi wa inet_pton. Iyoyo imabweza 1 zikatheka, 0 ngati zolembazo si adiresi, ndi -1 ngati mtundu wa adiresi siukudziwika. Ambiri amangoyang'ana ngati yankho latsika pansi pa 0, ndiye adiresi yolakwika imadutsa mwakachetechete. Yang'anani ngati yabweza 1, basi.

Ngati m'pulogalamu yanu muli inet_ntoa, ichotseni. Imalemba yankho pamalo amodzimodzi nthawi zonse, moti mukaiitana kawiri mu printf imodzi, ya wotumiza ndi ya wolandira, mumaona adiresi imodzi itabwerezedwa. Ndipo poyesa pulogalamu musamagwiritse ntchito 8.8.8.8 kapena 1.1.1.1. Adiresi zotere ngakhale zitatembenuka sizioneka kuti zatembenuka.

FUNSO: Ndimasunga kaundula pa ofesi ya alimi a tiyi ang'onoang'ono pafupi ndi Chitakale. Wina anandilangiza kuti maadiresi a makompyuta ndiziwasunga ngati nambala mu MySQL pogwiritsa ntchito INET_ATON. Tsopano onse akutuluka 127.255.255.255. Ndibwerere posunga ngati zolemba? Mayi wa ku Mulanje.

YANKHO: Malangizowo anali abwino mayi, chalakwika ndi mtundu wa column. Adiresi ya 192.168.10.25 ikasanduka nambala imodzi ndi 3232238105. Amaipeza pochulukitsa 192 ndi 16777216, 168 ndi 65536, 10 ndi 256, n'kuphatikiza zonse ndi 25. Column ya INT wamba imathera pa 2147483647 chifukwa biti imodzi imasungidwira manambala otsika pansi pa ziro. Adiresi iliyonse yoyamba ndi 128 kupita m'mwamba siikwanamo, ndiye MySQL yanu yaidulira pa malirewo. Mukatembenuza 2147483647 ndi INET_NTOA mupeza 127.255.255.255 yemweyo. MySQL ikakhala pa strict mode imakana n'kunena kuti nambala yapitirira, koma yanuyo yangodula osakana.

Sinthani column ikhale INT UNSIGNED, imene imafika 4294967295. Zimene zinadulidwa kale sizingabwerere, muzilowetsanso kuchokera kumene munazitenga.

Zobwerera ku zolembazo ife sitikugwirizana nazo. Zolemba zimasanjidwa chilembo ndi chilembo, ndiye 192.168.10.100 imabwera patsogolo pa 192.168.10.25 chifukwa 1 amayamba asanabwere 2. Pamene zili nambala zimasanjika bwino, ndipo BETWEEN imodzi imakupatsani makompyuta onse a mu subnet imodzi, kutanthauza chigawo chimodzi cha netiweki. Ngati mukuona kuti IPv6 idzalowa pa ofesipo, yambirenitu ndi VARBINARY ya mabayiti 16 ndi INET6_ATON, imene imalandira mitundu yonse iwiri.

FUNSO: Ndikuphunzira za makompyuta. Ndapereka 192.168.10.70/26 ku ip_network ya Python ndipo ikukana, ikuti has host bits set. Pamene mnzanga wapereka zomwezo ku inet_net_pton mu C ndipo zadutsa. Wolondola ndani? Komanso /26 imeneyi imasanduka bwanji 255.255.255.192? Wophunzira wa ku Goliati, Thyolo.

YANKHO: Tiyambe ndi funso lachiwirilo chifukwa loyambalo lagona pamenepo. Adiresi ili ngati dzina la mudzi ndi nambala ya nyumba zolembedwa mogundizana, ndipo nambala ya pambuyo pa kamzereyo imanena pamene dzina la mudzi lathera. /26 ikutanthauza kuti mabiti 26 oyamba ndi a netiweki, 6 otsalawo ndi a makompyuta. Lembani 1 maulendo 26 kenako 0 maulendo 6. Mabayiti atatu oyamba adzaza, ndiye 255.255.255, ndipo yomaliza ndi 11000000, amene ndi 192. Mabiti 6 amapereka maadiresi 64. Yoyamba ndi ya netiweki, yomaliza ndi ya broadcast, yotumizira uthenga ku makompyuta onse nthawi imodzi, zotsala zopatsa makompyuta ndi 62.

Tsopano tengani 70, amene ndi 01000110, mumupange AND ndi 11000000, kutanthauza kusunga 1 pokhapo pamene manambala onse awiri ali ndi 1. Chotsala ndi 01000000, ndiye 64. Netiweki yanu ndi 192.168.10.64, broadcast ndi 192.168.10.127, ndipo 70 ndi kompyuta imodzi chabe ya mkatimo. Python ikunena zoona: mwaiuza kuti iyi ndi netiweki pamene m'mabiti 6 omalizawo muli 000110. Ngati mukufuna netiwekiyo, wonjezerani strict=False ndipo ikupatsani 192.168.10.64/26. Ngati mukufuna kusunga zonse ziwiri, adiresi ya kompyuta ndi netiweki yake, gwiritsani ntchito ip_interface. Ife timakonda yachiwiriyi, chifukwa strict=False imataya 70 uja osakufunsani, ndipo nthawi zina munthu amakhala kuti wangolakwitsa polemba.

Ya mnzanuyo siinalakwe, kungoti siifunsa mafunso. Imalemba mabayiti onse anayi mmene alili, 70 ali momwemo, n'kubweza 26 ngati yankho lake. Kuchotsa mabiti a kompyuta ndi ntchito yanu. Mnzanuyo adziwenso makhalidwe ena a inet_net_pton. Imangolemba mabayiti amene ikuwafuna, ena onse siikhudza, choncho malo olandirira muyambe mwawapukuta ndi memset, apo ayi zinyalala zakale zimasanduka mbali ya adiresi. Mukapanda kulemba kamzere ndi nambala yake, imangoganizira potsata magulu akale a A, B ndi C amene anasiyidwa pamene CIDR, njira ya kamzereyi, inabwera mu 1993. Mukaipatsa 172.16 imati mabiti ndi 16, pamene chigawo cha maadiresi a m'nyumba chimenechi ndi /12, kuyambira 172.16.0.0 mpaka 172.31.255.255. Muzilemba kamzereko nthawi zonse. Mnzake wobwezera ku zolemba, inet_net_ntop, amadula mabayiti a kumapeto: netiweki ya /24 amailemba 192.168.10/24, ndipo Python zolemba zoterezi imazikana chifukwa imafuna zigawo zinayi. Pa Linux ziwirizi zimafuna -lresolv pomanga pulogalamu, ndipo za glibc, laibulale ya C ya pa Linux, zimadziwa IPv4 yokha, imene ndi maadiresi a zigawo zinayi aja.

Mukamapanga nokha mask, nambala yonga 255.255.255.192 ija, njira yodziwika ndi kutenga 0xFFFFFFFF n'kuisuntha kumanzere mabiti 32 kuchotsa n, amene ndi nambala ya pambuyo pa kamzere. Imagwira bwino kuyambira /1 mpaka /32, koma pa /0 pali dzenje. Kusuntha nambala ya mabiti 32 maulendo 32 n'chinthu chimene C sinalonjeze yankho lake, ndipo pa purosesa za x86 kawirikawiri nambalayo siisuntha n'komwe. Mapeto ake 0.0.0.0/0, imene imatanthauza maadiresi onse, imasanduka adiresi imodzi yokha. Pa lamulo la firewall kapena njira ya rauta, kusiyana kumeneko n'kwakukulu. Ikani if yapadera: n akakhala 0, mask ndi 0. Mu JavaScript dzenje lomweli lilipo, ndipo kumeneko muwonjezerenso >>> 0 kumapeto kuti yankho lisatuluke lotsika pansi pa ziro.

Ngati pulogalamu yanu imalandira mask yolembedwa ndi madontho, musaikhulupirire. 255.0.255.0 imaoneka ngati mask koma ma 1 ake sali mondondozana. Kuti muigwire, tembenuzani mabiti onse a mask, muwonjezere 1, kenako mupange AND ndi yotembenuzidwa ija. Yankho likakhala 0, mask ndi yabwino.

FUNSO: Pulinta yathu ikuonetsa adiresi yake ngati 192.168.010.025. Ndikalemba chimodzimodzi pa ping, kompyuta ikufunafuna 192.168.8.21. Matsenga anji amenewa? Wowerenga wa ku Limbuli.

YANKHO: Si matsenga bambo, ndi ziro wa patsogoloyo. Pulinta imamuika kuti manambala akwane m'timabokosi take titatutitatu. Koma inet_aton ndi inet_addr, zimene mapulogalamu ambiri akale amadalira, zimatsata chizolowezi cha C chakuti nambala yoyamba ndi 0 ndi ya octal, yowerengera m'magulu a 8. Ndiye 010 ndi 8, ndipo 025 ndi ma 8 awiri kuphatikiza 5, amene ndi 21. Zikanakhala 008 kapena 009 zikanakanidwa kumene, chifukwa mu octal mulibe 8 ndi 9. Lembani 192.168.10.25 ndipo pulinta iyankha.

Kwa olemba mapulogalamu nkhaniyi si yaing'ono. Ngati gawo loona chilolezo likuwerenga 010 ngati 10 pamene gawo lolumikiza likuwerenga ngati 8, munthu wochenjera atha kudutsa pakati n'kufika pa kompyuta imene munamuletsa. inet_aton imalandiranso zachidule monga 127.1 komanso za hex monga 0x7f.1, zonsezo n'kuziwerenga 127.0.0.1. N'chifukwa chake inet_pton ya pa Linux imakana ziro wa patsogolo, ndipo ipaddress ya Python inayamba kumukana kuyambira pa 3.9.5. Zolemba zochokera kwa munthu zidutse mu imodzi mwa ziwirizi kamodzi kokha, ndipo magawo ena onse a pulogalamu azilandira mabayiti amene atulukawo.