Achemwali, musakhale pansi kudikira, fayilo siyenda yokha

Achemwali, ndawerenga zanuzi manja akunjenjemera. Miyezi 7 bambo a kunyumba kwanu ali pa rimandi pa mlandu wakupha umene sakuudziwa, ndiye anthu muno akukuuzani kuti mungopemphera choonadi chidzaoneka chokha? Pempherani ndithu, nanenso ndimapemphera, koma mawu amenewo ndi amene anatidyera zaka 15 kwathu.

Achimwene anga apolisi anawatenga mu 2001, mvula yoyamba itangogwa. Munthu anapezeka m'mamawa ali thapsa m'mphepete mwa dambo, atatemedwa m'mutu, akupumabe pang'onopang'ono. Anamupeza ndi achimwenewo akupita kudimba. Anakuwa, anthu anabwera koma n'kumangoonera patali. Iwo ndi amene anathamanga kukabwereka ngolo, kumunyamula, ulendo wa kuchipatala. Munthuyo anatsirizikira panjira. Malaya a achimwene anali magazi okhaokha, nanga munthu wotemedwa ungamunyamule bwanji osathimbirira? Tsono chaka cham'mbuyo mwake anali atakanganapo ndi malemuyo za malire a dimba, nkhani inafika kwa amfumu ndipo inatha. Malaya ndi mkangano wa malire, umboni wonse unali umenewo.

Kupolisi anandilola kuwaona tsiku lachinayi. Anatuluka m'chitokosi akugwirira khoma, mapazi atatupa moti zala sizinkaoneka, mlomo utang'ambika. Chala chachikulu chakumanja chinali ndi inki. Anangoti, "Ndadinda, mlongo wanga. Ndikanafa." Pepala limene anadindalo linali la m'Chingerezi, pamene iwo sukulu analekezera sitandade 4. Palibe amene anawawerengera. Nsima imene ndinanyamula inabwerera nane, nsagwada sizinkatseguka.

Zaka 4 pa rimandi. Tinkangouzidwa kuti ndalama zozengera milandu yakupha sizinabwere, mubwere mwezi wamawa. Panatulukiranso dobadoba wina wa tayi, akuti amadziwana ndi akuluakulu a kukhoti. Mayi anagulitsa ng'ombe ziwiri zimene bambo anatisiyira. Munthuyo sitinamuonenso mpaka lero.

Koma tsiku limene silichoka m'mutu mwanga ndi la mlandu, mu 2005. Tinadzuka usiku, ine, mayi, amalume ndi abambo aja eni ake ngolo, amene anaona zonse kuyambira pamene achimwene anafika pakhomo pawo akupuma wefuwefu kupempha ng'ombe. Thiransipoti tinawalipirira tokha. Titafika, loya amene boma linatipatsa analowa atanyamula mafayilo mulu, n'kufunsa msilikali wa ndende kuti, "Wanga ndi uti pamenepa?" Nkhope ya munthu amene amati akamuteteze ku chingwe sankaidziwa. Anayankhula nawo chiimire pakhonde, nthawi yosakwana yophikira tiyi. Amalume anamutsatira kumuuza kuti mboni tabwera nayo ili panja. Loyayo anangoti "tiona", osatembenuka n'komwe. Abambo a ngolo aja anakhala pansi pa mtengo tsiku lonse, chipewa chili pabondo, kudikira kuti aitanidwa. Sanaitanidwe.

M'katimo wapolisi anawerenga sitetimenti ija mokweza, mawu amene achimwene sanayankhulepo, akuti ndinamudikirira pa dambo ndi chikwanje. Chikwanjecho sichinabwere m'khoti, sichinapezeke n'komwe. Anangotambasula malaya aja, atauma gwa, n'kuwaonetsa kwa a jule, poti nthawi imeneyo milandu yakupha inkaweruzidwa ndi anthu wamba osankhidwa. Ndinaona mayi wina mwa iwo akutseka pakamwa ndi dzanja, ndipo ndinadziwiratu kuti zatha. Msuweni wa malemu anaima n'kulumbira atagwira Baibulo kuti anamva achimwene akuopseza kuti adzapha munthu. Munthu ameneyu tsiku la mkangano uja anali ku esiteti, mudzi wonse ukudziwa. Achimwene atanena kuti anawamenya, anafunsidwa kuti kalata ya kuchipatala ili kuti. Kalata ya kuchipatala munthu ali m'chitokosi, akanapita ndi ndani?

Mawa lake dzuwa lisanafike pamutu, mlandu unali utatha. Ajaji ananena kuti lamulo silikuwapatsa chilango china. Mayi Chingerezi sankamva, ankangoyang'ana pakamwa pa womasulira. Atamva mawu akuti kunyongedwa, anaimirira ngati akufuna kufunsa kanthu, chitenje chinamasuka, n'kugwa chagada pakati pa mabenchi. Achimwene akuwatulutsa ndi unyolo ankangotembenuka kufuula kuti, "Agwireni amayi! Agwireni amayi!" Osati za iwo eni, za amayi. Panja abambo a ngolo anatithamangira kufunsa ngati nthawi yawo yolowa yakwana.

Ndikamaganiza za wapolisi amene uja mtima umandiwawa mpaka lero. Sanapite ngakhale kudambo kukaona malowo. Sanafunse kuti malemuyo usiku umenewo ankamwa ndi ndani, pamene aliyense ankadziwa kuti kunali kachasu kutsidya ndipo kunabuka ndewu. Anafuna kutseka fayilo msanga, anapeza mlimi wosadziwa kuwerenga, basi. Ndipo wakupha weniweniyo anakalamba mwamtendere penapake akudya nsima ndi ana ake. Za msuweni uja ndisanene zambiri, dimba lija analima ndi iyeyo chaka chotsatira. Loyayo ena amati ndisamuweruze, anali ndi milandu yambirimbiri yekha. Mwina. Koma kutuluka panja kukaitana nkhalamba imene yakhala pansi pa mtengo sikufuna ndalama za boma.

Anawatumiza ku Zomba, kumene amasunga a kondemu, anthu oweruzidwa kuti anyongedwe. Ku Malawi kuno munthu womaliza kunyongedwa anali mu 1992, kuyambira nthawi ya a Muluzi palibe pulezidenti amene wasainira, koma musaganize kuti zimenezo zimamugonetsa tulo munthu amene wauzidwa kuti adzanyongedwa. Tinafuna kuchita apilo, anatiuza kuti fayilo yasowa. Popanda fayilo palibe apilo. Mlamu wanga anapirira zaka zingapo kenako anakwatiwa kwina, sindimuda. Mayi anamwalira mu 2011 asanamuonenso mwana wawo ali mfulu.

Chimene chinawatulutsa si choonadi ayi. Mu 2007 bwalo lalikulu linagamula pa mlandu wa Kafantayeni kuti kupereka chilango cha imfa mokakamiza kwa aliyense wopezeka wolakwa pa kupha n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo mu 2010 bwalo la Supreme linati onse amene anaweruzidwa motero ayenera kumvedwanso. Kumvedwako kunadzayamba mu 2015, patapita zaka 8, a Malawi Human Rights Commission, a Legal Aid Bureau (ofesi ya boma yopereka maloya kwa osauka) ndi maparaligo (othandiza anthu pa za malamulo koma si maloya) a bungwe la PASI atagwirana manja ndi maloya ena akunja. Anthu opitirira 100 anatuluka mwa njira imeneyi. Kwathu kunabwera paraligo wachitsikana, anakhala pamphasa ndi amfumu, anafunsa mafunso amene wapolisi uja anayenera kufunsa mu 2001. Amfumu analira. Mu 2016 achimwene anatuluka. Koma mvetsani bwino, khoti linangosintha chilango n'kunena kuti zaka zimene akhala zakwana. Silinanene kuti sanaphe. Papepala mpaka lero ndi munthu wakupha, chipepeso palibe ngakhale tambala. Anabwera mano atatha, chifuwa chosachoka, mwana amene anamusiya akuyamwa ali mnyamata wa ndevu wosawadziwa. Akamva galimoto ikuima pamsewu usiku amadzuka kukhala tsonga. Ndipo chilango cha imfa chikadalipo, musanamizidwe. Mu 2021 bwalo la Supreme linanena kuti chatha, patangopita miyezi yochepa majaji omwewo anabweza mawu.

Tsono inu chitani izi. Pitani ku Legal Aid Bureau sabata ino, musadikire kuti loya adzapatsidwa tsiku la mlandu. Ndikudziwa kuti ndangonena kumene zimene loya waboma anatichita, komabe pitani, masiku ano ndi ofesi yoima payokha ndipo ndi omwewo anathandiza kutulutsa achimwene. Mukapeza dzina la loyayo muzipita mobwerezabwereza mpaka akudziweni nkhope, adziwenso ya bambowo. Lamulo limati munthu akamangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48, ndipo pa mlandu wakupha sayenera kusungidwa kupitirira masiku 90 mlandu usanayambe, khoti likhoza kungoonjezera masiku 30. Inu mwadutsa kale pamenepo. Belo ya mlandu wakupha majisitireti sapereka, imapemphedwa ku High Court, ndipo anthu amapatsidwa. Ife sitinkadziwa n'komwe kuti ingapemphedwe. Bambowo auzeni afunse paraligo amene amayendera ndendeyo kuti dzina lawo lilembedwe.

Ngati sanadinde kalikonse, asadinde popanda loya, ali ndi ufulu wokhala chete, zili mu gawo 42 la malamulo aakulu a dziko. Ndikulemba izi ndikudziwa kuti achimwene ufulu umenewo anali nawonso ndipo sunawateteze mapazi. Ngati anadinda kale atamenyedwa, auze loya ndi khoti msanga, zilembedwe, zipsera zionedwe zisanapole. Gawo 176 la lamulo lozengera milandu limalola kuti sitetimenti iwerengedwe m'khoti ngakhale munthu akunena kuti anamukakamiza, khoti ndi limene limaona ngati liikhulupirire, choncho musaganize kuti ingotayidwa yokha.

Adzabwera ena kudzawanyengerera kuti angovomera mlandu wocheperako, wakupha mosafuna, kuti atuluke msanga. Ine ndimati munthu asavomere chimene sanachite. Koma sindikubisirani, amene anavomera nthawi imodzi ndi achimwene anatuluka kalekale, anakapeza amayi awo ali moyo. Achimwene anakana, ndipo ndimawanyadira, komanso usiku wina ndimalakalaka akanangovomera. Zimenezo akambirane ndi loya modekha, asasankhe chifukwa cha njala ya m'ndende.

Munda umene mukuti mugulitsewo musagulitse chifukwa cha munthu amene akuti amadziwana ndi ajaji. Ngati n'kugulitsa, ndalamayo ipite kwa loya wa ofesi yodziwika, akupatseni lisiti. Apolisi musakangane nawo, alankhuleni mwaulemu ngakhale mtima ukuwira, fayilo ili m'manja mwawo. Pepala lililonse limene mwapatsidwa lijambuleni pa foni, lina musunge kwa m'bale wina, nambala ya mlandu muilembe ngakhale kuchikuto cha Baibulo. Ndipo mboni zanu, aja mukuti anali nawo limodzi kumaliro usiku umenewo, apititseni kwa loya panopa akanene zimene akudziwa zilembedwe, asainire. Abambo athu a ngolo anamwalira mu 2009, paraligo uja atafika kumudzi anangoonetsedwa manda awo.