Agwire chipangizo ndani, nanga papepala palembedwe dzina la yani?

Adzukulu anga, mafunso anu ndawalandira. Anayi mwa iwo ndawamanga mtolo umodzi chifukwa muzu wake ndi womwewo. Woyamba ndi mtsikana wa ku sekondale. Akuti akalowa m'labotale anyamata ndiwo amagwira zipangizo, iye n'kumangolemba zotsatira poti amalemba mooneka bwino. Wachiwiri ali ku yunivesite, wathera miyezi yambiri pa kafukufuku, koma pepala litatuluka dzina lake palibe, ndipo akuopa kuti kufunsa pulofesa kuoneka mwano. Wachitatu wangosankhidwa kumene kulowa m'komiti yolemba anthu ntchito, mkazi ali yekha m'menemo. Wachinayi ndi mnyamata, ndipo wafunsa mosabisa kuti kodi zonsezi si kukondera atsikana?

Bungwe la UNESCO limati pa ofufuza atatu alionse padziko lapansi, mmodzi yekha ndiye mkazi. Chiwerengero chimenechi mumachimva chaka ndi chaka pa 11 February, tsiku lomwe United Nations inapatula mu 2015 kuti likhale la amayi ndi atsikana a sayansi. Zolankhula za tsikulo n'zokoma ndithu. Koma mtsikana sasiya sayansi chifukwa chosowa womuuza kuti angathe. Amasiya chifukwa cha tinthu ting'onoting'ono tobwerezabwereza, tosaoneka ngati nkhani, mpaka tsiku lina amadziuza yekha kuti mutu wake si wa zimenezi.

Ndiyambe ndi iwe wa ku sekondale. Kulemba bwino si mlandu, koma ukuberedwa masana dzuwa likuswa mtengo. Ntchito ya m'labotale imakhala m'zala. Kudontheza asidi pang'onopang'ono mpaka mtundu wa madzi utangosintha, kutsitsa diso kuti lifanane ndi mzere wa madzi powerenga muyeso, kuyamba ndi galasi lochepa mphamvu pa maikulosikopu usanapite ku lamphamvu, kulumikiza mawaya mita isanapse, zonsezi munthu amaziphunzira polakwitsa kangapo ndi manja ake. Amene walemba zotsatira za anzake chaka chonse amafika pa mayeso ali yekha, manja n'kumanjenjemera, ena n'kumati waona, atsikana ndi choncho. Pomwe vuto linayamba kale, tsiku limene anakupatsa cholembera.

Chochita chake n'chapafupi. Gulu likhale la anthu osapitirira anayi, ndipo ntchito zigawidwe panayi: woyala zipangizo, woyeza, wolemba, ndi wofotokozera kalasi. Ntchitozi zizizungulira nthawi iliyonse yomwe mwalowa m'labotale, ndipo ndandanda wake ulembedwe kuseri kwa kope kuti pasakhale wonena kuti waiwala. Usadikire kuti zinthu zayalidwa kale patebulo ndiye uyambe kukangana. Lankhula gulu lisanayambe: “Sabata yatha ndinalemba ine, lero ndiyeza.” Akakana, pita kwa aphunzitsi ndi pempho lokhudza kalasi yonse, loti ntchito zizizungulira m'magulu onse. Ukapita ndi dandaulo lotchula mayina a anyamata, udzapeza adani ndipo chipangizocho sudzachigwirabe.

Aphunzitsi amene mukuwerenga nawo, tsinani khutu apa. M'zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe anayeza nthawi imene aphunzitsi a sayansi amadikira akafunsa funso, napeza kuti ambiri sadutsa sekondi imodzi. Atawaphunzitsa kudikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho anatalika ndipo ana omwe ankangokhala duu anayamba kuyankha. Sekondi imodzi imapatsa mwayi wofuula msanga basi. Tengani pepala la mayina sabata imodzi yokha, muziika kachizindikiro pa aliyense amene mwamuloza, mudzadabwa ndi zimene dzanja lanu lomwe limachita.

Tsopano iwe wa dzina losowa, khala pansi, nkhani yako ndi yaitali.

Zimene zakuchitikirazi n'zakale kwambiri moti zili ndi dzina. Mu 1993 katswiri wa mbiri ya sayansi Margaret Rossiter anazitcha Matilda effect, kutanthauza chizolowezi chopatsa mwamuna ulemu wa ntchito yomwe wagwira mkazi. Lise Meitner, pamodzi ndi Otto Frisch, ndiye anafotokoza mmene mtima wa atomu ya uranium umagawikira, koma mphotho ya Nobel ya kemisitiri ya 1944 inapita kwa Otto Hahn yekha. Jocelyn Bell anali wophunzira ku Cambridge mu 1967 pamene anaona kachizindikiro kachilendo pa mapepala ataliatali ochokera ku chipangizo chomvera mafunde a kuthambo, ndipo kachizindikiroko kanatulukitsa mtundu watsopano wa nyenyezi wotchedwa pulsar. Nobel ya fizikisi ya 1974 anailandira ndi Antony Hewish ndi Martin Ryle. Sindikukuuza izi kuti ulire nazo. Ndikufuna udziwe kuti sukulota, komanso kuti kukhala chete kudikira kuti akuluakulu akukumbukire okha n'kudzinamiza.

Ulemu ndi kusalankhula n'zinthu ziwiri zosiyana. Ulemu uli m'nthawi, m'malo ndi m'mawu omwe wasankha. Pempha nthawi yoonana ndi pulofesa paokha, osati pakhonde pomwe akuthamangira kukaphunzitsa, osatinso pamaso pa ophunzira ena. Nyamula kope lako la m'labotale. Uyambe ndi funso: “Ndithandizeni kumvetsa mmene mayina anasankhidwira, chifukwa zoyeza za pa tebulo lachiwiri ndi lachitatu m'pepalali ndinachita ndine, masiku ake ndi awa.” Ukatero wawasiyira khomo lotulukira mosachita manyazi, ndipo nthawi zina zimakhaladi kuti panali kuiwala kapena wina wapakati sananene zoona.

Upite ukudziwa lamulo. Magazini ambiri a zachipatala ndi a sayansi ya zamoyo amatsata mfundo zinayi za komiti ya akonzi yotchedwa ICMJE. Woyenera kulembedwa dzina ndi amene wathandiza kwambiri pokonza kafukufukuyo, kapena posonkhanitsa, kusanthula kapena kumasulira zopezeka, walemba nawo pepalalo kapena kuliunika mozama, wavomereza lomaliza, ndipo wavomera kuyankhapo ngati patapezeka cholakwika. Mfundozi zimanenanso kuti amene wakwaniritsa yoyamba ayenera kupatsidwa mpata wochita zotsalazo. Ndiye wina akakuuza kuti sunalembe nawo, funso n'lakuti kodi unaitanidwa kuti ulembe? Pepala likhoza kukonzedwa ngakhale litatuluka kale, magazini amasindikiza chikonzero cha mayina olemba onse akagwirizana. Pulofesa akakana, pali mkulu wa dipatimenti, ndipo mayunivesite ambiri ali ndi ofesi yoona za chilungamo pa kafukufuku. Chimene chimaononga milandu yabwino ndi kuthamangira pa Facebook usanayende njira zimenezi. Ukatero nkhani imasanduka ya khalidwe lako, ntchito yako ija n'kuiwalika.

Pa kafukufuku wotsatira, zitchinjirize pachiyambi. Mayina ndi ndondomeko yake zikambidwe sabata yoyamba, ndipo mukatuluka pa zokambiranazo tumiza imelo yaifupi: “Monga tagwirizana lero, ine ndichita chakutichakuti ndipo dzina langa likhala lachiwiri.” Kope lako likhale losokedwa, masamba ake a manambala, lolembedwa ndi inki, tsiku pamwamba pa tsamba lililonse. Ukalakwitsa, dula ndi mzere umodzi kuti zakale zizioneka, tsamba osang'amba. Kope lotere silikangana ndi munthu, limangoonetsa.

Za kuyeza ndi kulemba, mverani izi nonse. Nancy Hopkins, pulofesa wa sayansi ya zamoyo ku yunivesite ya MIT ku America, anapempha malo owonjezera oikamo nsomba zake za kafukufuku, nkhani n'kumangozengerezeka. Mu 1993 anatenga tepi yoyezera nayamba kuyeza malabotale a anzake chipinda ndi chipinda, napeza kuti ngakhale amuna ena aang'ono paudindo anali ndi malo aakulu kuposa iye. Sanapite yekha. Anayendera amayi anzake, omwe pa nthawiyo anali 15 okha a maudindo okhazikika m'gawo la sayansi pomwe amuna anali 194, napeza kuti aliyense ankaganiza kuti vutolo ndi lake yekha. Lipoti lawo linatuluka mu 1999, ndipo mkulu wa yunivesiteyo, Charles Vest, anavomera poyera kuti tsankho linalipodi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, inde, koma onaninso kuti zala zimenezi zinapita ndi manambala.

Iwe wa m'komiti, pali msampha umene sukuuyembekezera, ndipo msamphawo uli mwa iwe wemwe. Mu 2012 ofufuza a ku Yale anatumiza kalata yofunsira ntchito yoyang'anira labotale kwa aphunzitsi a sayansi 127 a m'mayunivesite a ku America. Kalatayo inali imodzimodzi, chosiyana chinali dzina lokha: ena analandira ya John, ena ya Jennifer. John anayesedwa waluso kwambiri ndipo anamuganizira malipiro a madola pafupifupi 30,000 pachaka, Jennifer pafupifupi 26,500. Aphunzitsi aakazi anakondera John chimodzimodzi ndi aamuna. Choncho kukhalapo kwako pakokha sikukonza kanthu. Chokonza ndi ndondomeko.

Komiti igwirizane zoyezera zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndi malikisi a chilichonse, makalata asanatsegulidwe. Mukatsegula kaye, zoyezera zimapindika zokha kutsata munthu amene wakusangalatsani kale: akakhala ndi mapepala ambiri mudzati chofunika ndi mapepala, akakhala wodziwa kuphunzitsa mudzati chofunika ndi kuphunzitsa. Aliyense apereke malikisi payekha musanakambirane, ndipo pokambirana wamng'ono paudindo ayambe kulankhula, chifukwa wamkulu akayamba ena amangovomera. Pa intavyu mafunso akhale omwewo kwa onse. Za banja, za mimba, za amene adzasunge ana, musafunse aliyense. Pomwe munthu anapumira ntchito chifukwa cha uchembere kapena kudwazika, werengani ntchito yake poyerekeza ndi zaka zimene anagwiradi, osati zaka zonse chitengereni digiri.

Makalata ochitira umboni uwawerenge ndi diso lachiwiri. Kafukufuku wa Frances Trix ndi Carolyn Psenka wa mu 2003, pa makalata oposa 300 a ofuna ntchito pa sukulu ya zachipatala, anapeza kuti a akazi ankakhala aafupi ndipo ankakonda kutama khama ndi kudalirika, pomwe a amuna ankanena za kafukufuku wawo. Kalata ikati “ndi wakhama, wofatsa, sakhumudwitsa munthu,” usaganize kuti mwiniwakeyo alibe china. Tsegula ntchito yake uone wekha. Ndipo tsiku limene iwe udzalembere wophunzira wako, utchule chimene anatulukira, njira imene anakonza, vuto limene anathetsa.

Kachinthu kena, poti uli wekha. Adzakupempha kulemba mfundo za msonkhano, kulandira alendo, kukhala m'komiti iliyonse yofuna kuoneka kuti muli mkazi. Ntchito zimenezi n'zofunika koma sizikweza munthu paudindo, ndipo zimadya maola a kafukufuku wako. Usakane mwaukali. Vomera lero, n'kupempha kuti pakhale ndandanda wosinthana kuyambira msonkhano wotsatira.

Amene mwayamba kuyang'anira malabotale, yang'anani m'kabati ya zovala zodzitetezera. Magolovesi aakulu kuposa dzanja amakola botolo n'kuligwetsa, chophimba kumphuno chosagwira nkhope bwino chimalowetsa mpweya woipa m'mbali. Ngakhale NASA, bungwe la America loona za maulendo a mumlengalenga, inagwa nazo: mu March 2019 ulendo woyamba woti akazi okhaokha atuluke kunja kwa chombo cha mumlengalenga unasinthidwa chifukwa chovala cha saizi yapakati chokonzeka chinali chimodzi, ndipo Christina Koch ndi Jessica Meir anadzatuluka mu October. Wantchito akanena kuti ndi woyembekezera, musamuchotse pa kafukufuku yense. Khalani naye pansi, muunike mankhwala osungunulira zinthu, cheza choopsa ndi tizilombo tomwe amagwira, musinthe zoopsazo zokha. Ndipo pa maulendo a kafukufuku wakutali, njira zodandaulira zikhale ziwiri, ina yosadzera kwa mtsogoleri wa ulendowo, chifukwa nthawi zina wovutitsayo ndi iyeyo.

Mnyamatawe, wafunsa bwino, sindikukudzudzula. Bwereranso pamwambapa uwerenge, undiuze pomwe ndanena kuti mtsikana awonjezeredwe malikisi. Kusinthana ntchito m'gulu kumathandizanso mnyamata wamanyazi amene anzake amam'landa chipangizo. Zoyezera zolembedwa pasadakhale zidzakuteteza iwe wemwe tsiku lomwe udzapikisane ndi mwana wa munthu wodziwika. Jocelyn Bell Burnell, uja wa nyenyezi za pulsar, atalandira madola 3 miliyoni a mphotho ya Breakthrough mu 2018, anawapereka ku Institute of Physics, bungwe la akatswiri a fizikisi, kuti alipirire maphunziro a fizikisi a ophunzira ochokera m'magulu omwe ndi ochepa m'phunzirolo, ndipo si akazi okha.

Gawo lako ndi ili. Pamsonkhano mnzako akanena ganizo anthu osalimva, kenako wina n'kulibwereza onse n'kuombera m'manja, nena pomwepo kuti ganizoli analiyamba ndi uje, apitirize yekha. Wina akamadula mawu mnzake, uti tamulekani amalize. Ndipo m'labotale mtsikana akakufunsa mmene mita imalumikizidwira, manja ako apite kumbuyo. Fotokoza ndi pakamwa, waya wofiira apa, wakuda apo, iye alumikize yekha, ngakhale zitenge mphindi zisanu pomwe iwe ukanatha m'theka la mphindi.