Mwana wanga akufuna ntchito ya ma drone, kodi ndimulole?

Mayi wina wafunsa za mwana wake wamkazi wa Fomu 3 amene wakakamira kuti adzagwire ntchito ya ma drone, tindege topanda woyendetsa tija. Nkhawa yawo ndi yakuti fizi ingathere pa zidole.

Mayi, izi si zidole ayi. Ku Rwanda, kampani ya Zipline idayamba kunyamula magazi pa ma drone kupita ku zipatala mu 2016. Kwathu kuno, mu 2017 boma ndi UNICEF adatsekula malo oyesera ma drone ku Kasungu, ndipo mu 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba ku Lilongwe mothandizidwa ndi yunivesite ya Virginia Tech ya ku America. Taganizirani dzinja, misewu itaduka ndi madzi ku Nsanje: kandege kotere kangafikitse mankhwala ndi katemera kumene ambulansi yabwerera panjira.

Komabe mwanayo asanamizidwe. Ma drone a zachipatala amanyamula makilogalamu ochepa chabe, choncho feteleza ndi chimanga zipitiriza kuyenda pa lole ndi pa sitima ya ku Nacala. Ndege za mtunduwu zonyamula anthu ziliko, monga ya kampani ya EHang yokwera anthu awiri imene boma la China lidaivomereza mu 2023, koma kuti zifike kuno pakufunika malamulo, magetsi odalirika ndi ndalama zambiri. Asayembekezere kudzayendetsa minibasi ya mumlengalenga akangomaliza sukulu.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi: achinyamata ambiri amalakalaka kuulutsa basi, pomwe kuulutsa munthu amakuphunzira m'masabata ochepa. Ntchito yokhalitsa ili kwa amene amakonza mamota ndi mabatire, amene amalemba mapulogalamu a kompyuta, ndi amene amasandutsa zithunzi za m'mwamba kukhala mapu a minda kapena a madera osefukira madzi. Luso limeneli silitha ngakhale kampani ya ma drone itatseka. Limagwiranso pa sola, pa galimoto za magetsi, ngakhale kwa oyeza malo.

Ndiye muuzeni agwiritsitse Masamu, Physics ndi Geography, asazisiye posankha maphunziro a MSCE. Akakhoza bwino, ayesere uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST ku Thyolo. Mapointi akapanda kukwana, kosi ya zamagetsi ku koleji ya zaluso ya TEVETA ndi poyambira pabwino ndithu. Ndipo wina asamufooketse kuti waya ndi zipangizo ndi za anyamata okha.