Mtima ndi wofooka, nanga adokotala akufuniranji kuti apalase njinga?

Mayi wina wokhala ku Birmingham wandilembera imelo. Amuna awo mnofu wa mtima unafooka, ndipo atawajambula echo (chithunzi cha mtima ukugunda), adokotala anati valavu ya mitral ikudontha pang'ono chabe. Koma bambowo akangokwera masitepe ochepa, befu. Tsopano achipatala akufuna kuwajambulanso mtima akupalasa njinga. Funso la mayiwa ndi lakuti: munthu wodwala mtima n'kumuvutitsiranji chotere, kodi sangagwe pomwepo?

Mayi, mantha anuwo ndi omveka, koma ine ndikuti apite.

Valavu ya mitral ili pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere kwa mtima. Chipinda cha m'munsi chikamafinya magazi kuti apite m'thupi, valavuyo imatseka kuti asabwerere kumtunda, kumene kumalumikizana ndi mapapo. Kwathu ku Malawi, achinyamata ambiri amene valavuyi imadontha anadwala rheumatic fever, nthenda yoyamba ndi zilonda zapakhosi. Pamenepo yowonongeka ndi valavuyo. Nkhani ya amuna anu ndi ina. Valavu yawo mwina ilibe chilema chilichonse. Mtima ukafooka umakula, ndipo timinyewa togwira valavuyo timakokedwera kumbali, mbali ziwiri za valavuyo zimalephera kukumana n'kusiya kampata. Zili ngati chitseko chabwinobwino chimene chasiya kutseka chifukwa felemu yapindika.

Kudontha kotereku sikukhala chimodzimodzi tsiku lonse, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Echo wamba amajambula munthu atagona phee, mtima ulibe ntchito yambiri. Akayamba kuyenda, magazi obwerera ku mtima amachuluka, BP imakwera, kampata kaja kamatha kukula, magazi n'kuunjikana m'mapapo. Choncho pepala la chipatala likhoza kunena kuti kudonthako n'kochepa pamene munthuyo akubanika zenizeni pa masitepe. Onse awiri akunena zoona, angoyezedwa nthawi zosiyana.

Madokotala awiri a ku Liège, ku Belgium, Luc Piérard ndi Patrizio Lancellotti, anafufuza kwambiri zimenezi. Mu 2003 anaonetsa kuti mwa anthu amene mtima unafooka chifukwa cha kutsekeka kwa mitsempha yake, amene kampata kodonthako kanakula ndi masikweya milimita 13 kapena kuposerapo popalasa njinga, ndiwo anali pachiopsezo chachikulu cha imfa. Adokotala amayang'ananso mphamvu ya magazi mu mtsempha wopita kumapapo. Ikapitirira 60 mmHg (muyezo womwewo wa BP) munthu akupalasa, chimenecho ndi chizindikiro choti mapapo akupanikizika.

Njingayo si yothamangitsana nayo. Munthu amakhala chotsamira chagada, n'kumapalasa, wojambula ali pambali pake ndi kachipangizo ka pachifuwa. Kawirikawiri amayamba ndi mawati 25 (muyezo wa kulimba kwa kupalasa), n'kumawonjezera pakapita mphindi ziwiri zilizonse, ndipo kwa ofooka kwambiri amawonjezera pang'onopang'ono kuposa pamenepo. ECG (makina oonetsa kagundidwe ka mtima) ndi BP amaziona nthawi yonseyo. Bambowo akamva kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena akatopa, anene, amaimitsa pompo. Ngati sabata imeneyo miyendo yatupa kwambiri kapena akulephera kugona chafulati chifukwa cha phuma, imbirani chipatala lisanafike tsikulo, chifukwa munthu akakhala choncho samuyeza.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangobaya jakisoni wa dobutamine, amene amathamangitsa mtima munthu ali gone. Pa vuto ili sathandiza: mankhwalawo nthawi zambiri amachepetsa kudonthako, n'kubisa chimene adokotala akufuna kuona.

Musayembekeze kuti zotsatira zikaipa ndiye kuti opareshoni mawa. Poyamba amakonza mankhwala: bisoprolol kapena carvedilol, sacubitril-valsartan kapena ramipril, spironolactone, dapagliflozin, ndi mapiritsi ochotsa madzi. Mtima ukabwerera pang'ono kukula kwake, kudonthako kumatha kuchepa kokha. Ena amawaika kabatire kothandiza mbali zonse za mtima kugunda pamodzi. Palinso MitraClip, kopanira mbali ziwiri za valavuyo, kamene amakalowetsa kudzera mu mtsempha wa pantchafu. Mu 2018 kafukufuku wa COAPT, wa ku United States ndi Canada, anapeza kuti kanachepetsa imfa ndi kugonekedwa m'chipatala, pamene wa MITRA-FR ku France sanapeze phindu. N'chifukwa chake madokotala amasankha mosamala woti amuike.

Afunseni achipatala ngati bambowo amwe mankhwala awo onse m'mawa wa tsikulo; asasiye lililonse paokha. Avale zomasuka ndi nsapato zotseka, ndipo asapite atangodya kumene nsima yambiri.