Kodi mapiramidi anamanga ndi ma alien? Yankho kwa aphunzitsi a ku Chamama

Aphunzitsi ena a ku Chamama kuno ku Kasungu anditumizira imelo, ndiye ndaona kuti ndiwayankhire pompano poti funso lawo ambiri mumalifunsanso. Mwachidule akuti ana a sitandade 8 anawaonetsa kavidiyo ka pa WhatsApp konena kuti mapiramidi a ku Egypt sanamange ndi anthu koma ma alien, ndipo kuti ngakhale malinga a Great Zimbabwe anamanga ndi alendo ochokera kutali chifukwa eti makolo athu analibe nzeru zoterozo. Akufunsa kuti zoona zake ndi ziti, nanga anthu ofukula zakalewa amadziwa bwanji zaka za chinthu chimene palibe anachiona chikumangidwa.

Aphunzitsi, zikomo kwambiri, ndipo musadandaule kuti munasowa choyankha, mavidiyo amenewa amawapanga mwaluso ndi kanyimbo koopsa kumbuyo. Mu 2020 ngakhale Elon Musk analemba pa Twitter kuti mapiramidi anamanga ndi ma alien, mpaka nduna ina ya ku Egypt, mayi Rania al-Mashat, inamuuza kuti abwere adzaone yekha manda a anthu amene anamangawo.

Ndiyambe ndi mandawo. Mu 1990 pafupi ndi mapiramidi a Giza hatchi ina inapunthwa pa khoma la njerwa lomwe linali litakwiririka mumchenga, ndipo atakumba anapeza manda a anthu ogwira ntchito, ena maina ndi maudindo awo atalembedwa. Mafupa awo akuonetsa misana yoperepeseka ndi katundu wolemera, ena anathyoka mikono n'kupola, kusonyeza kuti panali wina wowasamalira. Chapafupi pomwepo Mark Lehner ndi anzake anafukula mudzi wonse wa antchito, malo ophikira buledi, mitsuko ya mowa, mafupa a ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi ambirimbiri. Ndiye mu 2013 kunapezeka chinthu chomwe ine chimandisangalatsa kuposa zonse, ku Wadi al-Jarf m'mbali mwa Red Sea gulu la Pierre Tallet linapeza mapepala a gumbwa omwe analemba kapitawo wina dzina lake Merer, ndipo bamboyu amalemba tsiku ndi tsiku mmene iye ndi anyamata ake amanyamulira miyala pa bwato kuchokera ku Tura kuwoloka Nile kukatula ku Giza nthawi ya mfumu Khufu, zaka pafupifupi 4,500 zapitazo. Kapitawo kulemba lipoti la ntchito basi, lero tagona apa, mawa tanyamuka ndi miyala. Zimenezi mu kavidiyo kaja simungazipeze chifukwa sizochititsa nthumanzi.

Komanso anthu aja sanangodzuka n'kumanga piramidi ya mamita 146. Anayamba ndi ya masitepe ya Djoser ku Saqqara, kenako Sneferu, bambo ake a Khufu, anamanga ina ku Dahshur yomwe anachita kuisintha kapendekedwe ali pakati moti mpaka lero imaoneka yopindika, kenako n'kumanga ina yowongoka bwino. Ma alien oti awoloka mlengalenga monse n'kudzalephera kuyeza ngodya? Ayi ndithu.

Koma pomwe ndikufuna tikhalitse ndi pa Great Zimbabwe, chifukwa apa bodza lake lili ndi eni ake ndipo timawadziwa maina. Mu 1871 Mjeremani wina Karl Mauch anafika pamalopo pafupi ndi pomwe pali Masvingo lero, anaona malinga a miyala ena otalika mamita 11, osanjidwa popanda matope kapena simenti, ndipo pompo anagamula kuti ndi nyumba ya mfumukazi ya ku Sheba ya m'Baibulo. Umboni wake? Anasema kamtengo ka pamwamba pa khomo, kananunkhira ngati pensulo yake, ndiye anati umenewu ndi mkungudza wa ku Lebanon. Unali mtengo wa konkuno ku Africa. Mu 1891 Theodore Bent anabwera ndi thandizo la kampani ya Cecil Rhodes n'kunena kuti anamanga ndi Afoinike kapena Aluya. Mukuona kale pomwe nkhaniyi imapita, ngati dziko linali la alendo kalekale ndiye kuti mlendo watsopano sakulanda kanthu. Woipitsitsa anali Richard Hall yemwe anapatsidwa udindo woyang'anira malowa mu 1902, mkuluyu anakumba n'kutaya dothi lambiri lomwe munali mapale ndi zinthu za eni malo poti iye amafunafuna za azungu akale pansi pake, sanazipeze, koma umboni wambiri unapita choncho osabwereranso.

Mu 1905 David Randall-MacIver anakumba mwadongosolo n'kunena poyera kuti malowa anamanga ndi anthu akuda. Azungu a ku Rhodesia anakwiya. Mu 1929 kunabwera mayi Gertrude Caton-Thompson, naye anapeza zomwezo. Chimene anaona ndi ichi, kuyambira dothi lapamwamba mpaka pansi penipeni pa maziko zinthu za tsiku ndi tsiku zinali mbiya, makasu ndi zotsalira za nyumba za dothi zofanana ndi za Ashona. Zakunja zinalipo inde, mbale za ku China ndi ku Persia, mikanda yagalasi, koma zinali katundu wogula chifukwa anthuwa amagulitsa golide ndi minyanga kudzera kunyanja yaikulu. Mzindawu unamangidwa kuyambira cha m'ma 1100 mpaka cha m'ma 1450. Ndiye taonani nkhanza zake, boma la Ian Smith linkakanabe kuti mabuku a anthu odzaona malowa anene zimenezi momveka, mpaka katswiri wina Peter Garlake anachoka m'dzikomo mu 1970 chifukwa chokana kunena bodza. Choncho ana anuwo akamamva kuti anamanga ndi alendo, adziwe kuti si nzeru yatsopano yomwe ikubisidwa, ndi propaganda yakale ya atsamunda yangovala malaya ena. Ndipo ine chimandinyansa n'choti ma alien amenewa amakonda kukathandiza ku Egypt, ku Peru, ku Mexico, koma za Aroma ndi Agiriki aliyense amangovomera kuti anamanga okha.

Tsopano funso lanu la zaka. Njira yoyamba ndi yosavuta, dothi limaunjikana, chomwe chili pansi chinayamba kugwa kuposa chapamwamba bola pasakhale posokonezedwa ndi nyerere kapena munthu wokumba. N'chifukwa chake akatswiriwa amakonda kudzala kuposa kunyumba ya mfumu, padzala pamakhala phulusa, mafupa, mapale, zonse mwa ndondomeko yake. Njira yachiwiri ndi ya carbon-14 yomwe Willard Libby anatulukira kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Chamoyo chilichonse chimatenga carbon-14, kachinthu kosaoneka ndi maso kopezeka mumpweya ndi m'zakudya, chikamapuma kapena kudya, chikafa amayamba kuchepa, theka limatha pa zaka 5,730 zilizonse, ndiye akayeza wotsala m'khala, fupa kapena njere amadziwa kuti chinafa liti, mpaka zaka pafupifupi 50,000 kumbuyo. Mwala weniweniwo sayeza choncho ayi, amayeza khala kapena mtengo womwe uli nawo limodzi, ndipo apa mpomwe anthu amapusitsikira.

Chitsanzo chake ndi Gunung Padang ku Indonesia. Mu 2023 kunatuluka lipoti loti phirilo ndi piramidi yomangidwa zaka zoposa 20,000 zapitazo, intaneti yonse inaphulika. Mu March 2024 magazini yomwe inasindikiza inalichotsa, chifukwa anayeza dothi la pansi pa phiri lomwe munalibe chizindikiro chilichonse cha munthu, ngakhale khala la pamoto kapena chida. Zili ngati mukumbe pansi pa maziko a sukulu yanu ku Chamamako, mupeze dothi la zaka 20,000 ndiye muzilengeza kuti sukuluyo ndi ya zaka 20,000.

Sindikunena kuti akatswiri amadziwa zonse kapena kuti sakangana, amakangana kwambiri mwinanso kuposa andale. Ku Göbekli Tepe ku Turkey, komwe Klaus Schmidt anayamba kukumba mu 1995, kuli zipilala zamiyala zooneka ngati T, zina zoposa mamita 5, zojambulidwa nkhandwe, zinkhanira ndi miimba, zaka zake zoposa 11,000. Zinasokoneza mabuku chifukwa tinkaphunzira kuti anthu amayamba kaye ulimi ndiye n'kumamanga zazikulu, pomwe awa anali akudalirabe kusaka ndi mbewu zakutchire. Schmidt ankati anali kachisi chabe wopanda okhalapo, koma atamwalira mu 2014 anzake apeza nyumba ndi mosungira madzi, ndiye mkangano ukupitirira. Ku White Sands ku America mapazi a anthu opezeka pamatope ouma akuti ndi a zaka 21,000 mpaka 23,000, ena akutsutsabe. Ku South Africa Lee Berger akuti Homo naledi, mtundu wina wa anthu akalekale womwe unatha, ankaika maliro, anzake ambiri akuti umboni sunakwane. Kusiyana kwake ndi kavidiyo kaja n'koti awa amakanganirana pa chinthu choti wina atha kupita kukachiyezanso.

Ana anuwo muwauzenso kuti zofukulazi si za kunja kokha. Ku Uraha ku Karonga mu 1991 gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza chibwano cha Homo rudolfensis, mtundu winanso wa anthu akalekale, cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni. Ku phiri la Hora ku Mzimba kunapezeka mafupa a anthu omwe DNA yawo ili m'gulu la yakale kwambiri yomwe yawerengedwapo mu Africa muno. Ku Mankhamba kufupi ndi Mtakataka, Yusuf Juwayeyi, Mmalawi mnzathu, anafukula likulu la a Kalonga n'kupeza mikanda yagalasi, zamkuwa, minyanga ndi zidutswa za mbale za ku China, kusonyeza kuti Amaravi anali pa malonda ndi dziko lakutali David Livingstone asanabadwe n'komwe. Ndipo konkuno kwathu mu Kasungu National Park muli ng'anjo yakale yosungunulira chitsulo ndi zojambula za pamiyala. Kutulutsa chitsulo m'mwala ndi makala ndi mvukuto si masewera, pamafunika moto woposa madigiri 1,000 ndi munthu wodziwa kuusamala maola ambiri.

Ngati komiti ya sukulu ingakwanitse ya minibasi, ulendo wabwino ndi wa ku Chongoni ku Dedza, komwe kuli malo 127 a zojambula za pamiyala ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006. Zofiira zija zamizeremizere ndi zozungulira amati ndi za Akafula, zoyera ndi za Achewa ndipo zimakhudza chinamwali ndi gule, ndiye pofotokozera ana a sitandade 8 musiyire owonetsa malo a komweko, amadziwa pomwe angalekezere. Muwachenjezeretu kuti asakhudze kapena kuthira madzi kuti chithunzi chiwale, komanso asalembe maina awo ndi makala, matanthwe ena aonongeka kale ndi khalidwe limeneli. Ndipo mwana akapeza mapale kapena zotsalira za ng'anjo polima, asakumbe n'kubweretsa m'jumbo, ajambule pa foni pomwe zilipo, akuuzeni, inu mudziwitse a dipatimenti ya Museums and Monuments ku Lilongwe.